Chipinda Chomata cha Tiyumba

Sanatu anali ataima pamtondo wovundikira, akumata dothi pampata wa pakati pa khoma ndi malata, pamene mwamuna wake Wumbei anatulukira ndi agalu ake atatu. Kunja kunali kutangocha. Mphepo youma ya hamatani inali itayamba kale kuulutsa fumbi, ndipo munthu aliyense m'mudzi wa Gumbili milomo yake inali yong'aluka.

"Kodi iwe Sanatu, chipinda chimenechi ukufuna kusungiramo mpweya wa chaka chatha?" anafunsa Wumbei akuseka. "Dzulo unamata zenera, lero denga. Mawa udzatimata ifeyo."

"Sekani, bambo a Tiyumba. Anamwino anati utsi usamalowe kumene mwana amagona."

"Mwana wake uti? Tiyumba ali kwa azakhali ake."

Mawu amenewo anamulasa Sanatu pamtima. Tiyumba, mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali ndi mphumu. Chaka chatha, nyengo yotentha tchire, anatsala pang'ono kuwasiya. Namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'mbali mwa msewu wa ku Tamale anauza Sanatu kuti asankhe chipinda chimodzi, atseke mipata yonse, aziika nsalu yonyowa kunsi kwa chitseko, ndipo kampope kopopera mankhwala m'kamwa kasamatalikire mwanayo. Sanatu anachita zonsezo. Koma masabata atatu apitawo kunabwera Napari, mlongo wamkulu wa Wumbei, kudzatenga mwanayo. Kuno azakhali akapempha mwana wamkazi wa mlongo wawo kuti akamulere, palibe amene amakana, ngakhale mayi wake alire bwanji. Sanatu anapereka kampope kaja n'kufotokoza katatu konse. Napari anangoti, "Ndalera ana asanu ndi anayi ine, mlamu. Wakoyu ndi wagalasi?" Atatero ananyamuka naye kupita kwawo ku Kpachelo, kutsidya kwa tchire.

"Kamutengeni, abwere mpaka moto uthe," anatero Sanatu akutsika pamtondo. "Adzabwererako mvula ikagwa."

"Ndikayambe bwanji kwa achemwali anga? Mwana si mbale yobwereka yoti lero wapereka mawa walanda. Ukufuna mudzi wonse unene kuti Wumbei akulamulidwa kukhitchini?"

Panja panamveka ng'oma yoitanira anthu ku uzimba. Amuna anali atasonkhana ndi zibonga ndi agalu, akudikira Wumbei. Ntchito yoona mphepo inali yake, monga inalili ya bambo ake, ndipo ankaigwira modzikweza ngati ndi iye amene anailenga mphepoyo. Anatapa phulusa pamafuwa, anaima pakati pa bwalo, n'kuliwaza m'mwamba. Phulusa linauluka kuchoka kunyumba kulowera kutchire.

"Mphepo yabwino!" anafuula amuna aja.

"Waona?" Wumbei anatembenukira kwa mkazi wake. "Utsi wonse ukuthawa mudzi. M'chipinda chakocho muzigona makoswe. Nchenzi yonona yoyamba ndi ya Tiyumba, ndikamupatsira ndekha madzulo ano."

Tinene zoona, nayenso Sanatu mtima unakhala pansi ataona phulusa lija. Zaka khumi ali pabanja, phulusa likalowera uko ndiye kuti zovala pachingwe sizida ndipo ana sakhosomola. Kwa anthu a ku Gumbili mphepo yabwino ndi imene imachotsa utsi pamadenga awo. Kumene utsiwo umakathera palibe anafunsapo.

Dzuwa lili pamutu, Sanatu anali pamzere wa pamjigo. Kutchire moto unali utakolera, ukuthetheka ngati akukazinga chimanga. Utsi wakuda unakwera m'mwamba, kenako mphepo inaupinda n'kuugoneka pamwamba pa mitengo. Mayi wina amene anali kupopa madzi anauyang'ana n'kuseka.

"Lero a ku Kpachelo asaphike, akhuta utsi!"

Amayi ena anaseka nawo. Sanatu ndowa inamupulumuka m'manja. Anayang'ana kumene utsiwo unali kulowera. Sanatole ndowa, sanayankhe amene ankamuitana. Anangomanga chitenje n'kuyamba kuthamanga.

Njira yachidule yodutsa m'tchire inali m'moto. Anathamangira kumsewu, kumene anapeza bambo wina akutsitsa matumba a makala panjinga yamoto ya matayala atatu.

"Ku Kpachelo, bambo, chonde!"

"Kumene kuli chiutsi uko? Mayi, anthu akuthawako inu mukufuna kulowako?"

"Mwana wanga ali kumeneko. Ali ndi mphumu."

Bamboyo anamuyang'ana kamodzi, anakankhira pansi thumba lotsala, n'kuliza injini.

Atayandikira Kpachelo dzuwa linasanduka lofiira. Mwaye unali kugwa pamsewu, ndipo woyendetsayo anayatsa nyali masanasana. Sanatu anatseka mphuno ndi mpango wake, koma maso ankalasa, kukhosi kukuyabwa. Ankadzifunsa kuti ngati iye, munthu wa chifuwa chabwino, akubanika chonchi, nanga mwana uja?

M'mudzimo munali zii. Anthu onse anali atathamangira kudambo kukazimitsa moto ndi nthambi, chifukwa mpunga wawo wodula unali udakali m'milu. Pabwalo la Napari panali nkhuku zokha. Kenako Sanatu anamva kaphokoso ngati ka likhweru, kakubwera n'kumaduka.

Tiyumba anali atakhala pansi pakhomo la chipinda cha azakhali ake, atawerama, manja atagwira m'mawondo. Mapewa ankakwera ndi kutsika. Milomo yake inali itayamba kuda.

"Tiyumba! Kampope kali kuti?"

Mwanayo analoza chitseko. Panali loko wamkulu.

"Azakhali... atenga... kiyi," anatero movutika.

Sanatu sanaganize za ulemu, sanaganize za ulamu. Anatola munsi umene unali pambali pa mtondo n'kumenya chitseko. Kachitatu matabwa anang'ambika. M'katimo, kukhoma, munali chuma chonse cha Napari: mabeseni a maluwa osanjikizana kuchokera pansi mpaka kufupi ndi denga, amene anawasonkhanitsa kuyambira tsiku la ukwati wake. Mkazi wa kuno chinthu chamtengo wapatali amachibisa mmenemo. Sanatu anayamba kuwagwetsa limodzi limodzi, kenako anakankha mulu wonse. Anatuluka nsalu zatsopano, mikanda, sopo wonunkhira. M'beseni lapansi penipeni munali kampope kaja, katakulungidwa bwinobwino m'kansalu koyera, kosagwiritsidwapo ntchito ndi kamodzi komwe.

Anapopera mwanayo kawiri, n'kudikira, n'kupoperanso. Likhweru lija linachepa pang'ono koma silinathe. Anamubereka kumbuyo.

Pachipata anakumana ndi Napari akuchokera kudambo, nkhope yonse ili bii ndi mwaye, nthambi yopserera ili m'manja. Napari anaona chitseko chake, anaona mabeseni ali mbwee pabwalo.

"Mlamu, wapenga? Wandithyolera nyumba ine? Mankhwalawo ndinawasunga kuti asatayike!"

Sanatu anangotembenuka kuti Napari aone nkhope ya mwanayo. Nthambi ija inagwa pansi. Napari anakwera nawo panjinga ija, imene inali kuwadikira, ndipo njira yonse anagwira kaphazi ka Tiyumba akunong'ona mapemphero.

Kuchipatala namwino anamuveka mwanayo chophimba pakamwa ndi pamphuno cholumikiza ku makina, anamubaya jekeseni, n'kutulutsa aliyense kupatula mayi wake. Panapita nthawi yaitali mapewa aja asanasiye kukwera. Pamene Tiyumba anagona tulo, namwino anakokera Sanatu pambali.

"Mayi, mukanachedwa pang'ono tikanakhala tikunena zina. Chifuwa chake chatopa kwambiri. Tsiku lina ngati la lero sadzalipirira. Kodi chipinda chija simunakonze?"

"Ndinakonza," anatero Sanatu, misozi ikutsika. "Chili kunyumba."

Dzuwa likupendeka, Wumbei anafika. Anali atapita ku Kpachelo monga analonjezera, n'kupeza chitseko chothyoka ndi anthu omuuza nkhani. Anathamanga njira yonse, ndipo nchenzi ija inali idakali m'dzanja lake, yaikulu, ubweya wake utapserera mbali imodzi. Zikuoneka kuti anaiwala kuti waigwira. Sanatu anatuluka n'kuima pakhomo la wodi.

"Ali bwanji? Sanatu, ndiuze, ali bwanji?"

"Akupuma."

Wumbei anafuna kudutsa. Sanatu anatambasula dzanja n'kugwira felemu ya chitseko.

"Simulowa."

"Ndi mwana wanga ameneyo!"

"Mukununkha utsi, bambo a Tiyumba. Malaya anu, tsitsi lanu, thupi lonse. Mukalowa ayambiranso."

Wumbei anadzinunkhiza pamkono ngati sakukhulupirira. Anayang'ana mlongo wake amene anali atakhala pabenchi, koma Napari anazolika.

"Ine ndinaona mphepo," anatero Wumbei. "Phulusa linachoka kumudzi. Nawenso unaona."

"Ndinaona. Tonse tinaona kumene likuchoka. Inu munanena nokha kuti mukamupatsira nyama ku Kpachelo, ine ndikumva, ndipo sindinatsegule pakamwa."

Sanatu sananene zimenezi mokalipa. Mkwiyo unali utamuthera panjira, chimene chinatsala chinali manyazi olemera, ake ndi a mwamuna wake omwe. Wumbei anaika nchenzi ija pansi pa mtengo n'kukhala pambali pake, ndipo agalu a pachipatala atayamba kuizungulira sanawathamangitse.

Sanatu ndi mwana wake anawatulutsa m'chipatala patapita masiku atatu. Tiyumba anali atawonda, ndipo ankayenda pang'ono n'kuima kuti apume. Sanatu anamulowetsa m'chipinda chomata chija n'kumuyalira mphasa. Posakhalitsa Napari anafika atasenza kamtolo ka zovala za mwanayo. Anakatula pakhomo, osalowa.

"Anthu anena kuti Napari walephera kulera," anatero. "Anene. Mwanayu akhale ndi iwe, mlamu. Kwathu kuli ana ena awiri amene akukhosomola mpaka lero."

M'mawa mwake ng'oma inaliranso. Tchire la kummwera linali lisanapse, ndipo amuna anafika pabwalo ndi zibonga zawo. Sanatu anasuzumira pakhomo. Wumbei anatapa phulusa mozengereza n'kuliwaza. Linauluka monga linaulukira tsiku lija.

"Mphepo yabwino!"

"Ayi," anatero Wumbei. "Kumeneko kuli anthu."

"Anthu anayamba liti kukhalako, dzulo?" anafunsa wina, anzake n'kuseka. "Wakoyo wabwera kale, ukudandaulanso chiyani? Tiyeni, amuna inu. Uyu mkazi wake wamumata nayenso."

Anatuluka pachipata akuimba malikhweru, ndipo agalu a Wumbei anawatsatira. Iye anatsala ali chilili pakati pa bwalo, dzanja lili mbuu ndi phulusa.

"Amayi," anaitana Tiyumba m'kati, "ababa sabwera kudzandiona?"

"Abwera akasamba," anayankha Sanatu.

Anatseka chitseko, anaviika nsalu m'ndowa, anaifinya, n'kuiyala kunsi kwake. Kenako anakhala pamphasa, kampope kali m'manja, akumvetsera mmene mwana wake akupumira.