Mpweya wa a Matayala

Swichi yaikulu itagwanso, mayi a saluni sanatume munthu. Anabwera okha, chipeso chili m'tsitsi, pulayala yodulira waya ili m'manja.

Galaja ya amuna awo inali kuseri kwa saluniyo, khoma lake limodzi. Magetsi a m'galajamo ankachokera ku saluni pa waya wodutsa pawindo. Amuna awowo anthu ankangowatchula kuti a Matayala, poti ntchito yawo inali yomata ndi kupopa matayala.

"Abambo, mukuumva?" anatero mayiwo, akuloza kompuresa, makina opopera matayala.

Ankaumva ndithu. Pa jointi yolumikiza paipi ndi thanki mpweya unkathawa, tsiiii, ngati njoka yopondedwa mchira. Ukachepa m'thanki, mota inkadzuka yokha, gudugudu, malata mpaka kunjenjemera. Ikangokumana ndi makina oumitsira tsitsi, swichi pansi.

"Ndi kabowo kakang'ono, mayi. Ndimangapo pompano."

"Mumangapo? Kasitomala wanga wakhala uko, mutu mbali ina wouma, mbali ina ukudontha. Dzulo wina wathawa ndi thaulo langa kumutu. Lero likamalowa dzuwa chinthuchi chikadalira, waya uyu ndidula. Muzipopa ndi pakamwa."

Anatembenuka, ulendo.

Pa tayala lakutha panakhala mlamu wawo wa a Matayala, mchimwene wa mayiwo, woyendetsa takisi. Anabwera kudzapopetsa tayala, koma ataona kuti kuli filimu yaulere, anaiwala za makasitomala.

"Alamu, asisi aja sanama. Tili ana anadula chingwe cha wailesi ya bambo chifukwa cha mpira."

"Inu mwabwera kudzapopetsa kapena kudzalalikira?"

A Matayala anazungulira kompuresa, kubwerera, kuzunguliranso. Jointiyo sinkaonekanso. Inali itakutidwa ndi malegeni, mphira zodula ku machubu akutha. Ikayamba kulira, iwo ankangowonjezera lamba wina pamwamba, mpaka pamalopo panatupa ngati bondo la wampira.

Sikuti sankadziwa kukonza. Koma kukonza kwenikweni kumafuna kuyamba wataya mpweya wonse wa m'thanki, ndipo apo ndi pomwe panali nkhani. Iwo mpweya ankausunga ngati ufa wa mwezi wa njala. Mwana akabwera ndi mpira kuti amupopere, ankayamba ayang'ana muvi wa geji yoonetsa mpweya wotsala, kenako nkhope ya mwanayo.

"Tsegulani kampopi ka pansiko, utuluke," anatero mlamu.

"Nditaye? Mpweya wodzadza thanki? Ukanakhala petulo wanu mukanathira mu ngalande?"

"Alamu, mpweya uli ponseponse. Onani, ndikupuma pano, simunandilipiritse."

"Wanuwo ndi wamba. Uwu ndi wopanikiza."

Anatenga mpeni nayamba kudula malegeni. Lamba aliyense akagwa, kulira kunkakula. Anatuma mlamu kukapempha madzi a sopo ku saluni. Mlamuyo anabwera ndi shampu wonunkhira maluwa m'chivindikiro cha botolo.

"Akuti mubweze thovu lotsala."

Atapaka pa jointi, thovu linafufuma pamazinga, pomwe chitsulo chimapotokera m'chinzake. Tepi yakale inali itadyeka yonse.

Kuseri kwa khoma kunamveka mawu a mayi aja: "Abambo, swichi ndakweza. Ndiyatse makina oumitsira?"

"Dikirani kaye!"

"Dzuwa silikudikira!"

A Matayala anazimitsa mota pakhoma. Anayang'ana kampopi kotayira mpweya, nayang'ana geji. Muvi unali m'mwamba, wonenepa bwino. Mtima unawawa.

"Ndimasula pang'ono chabe," anatero. "Ndikulunga tepi pamazinga amene aonekewo, n'kubwezera msanga. Mpweya sudziwa n'komwe."

"Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero mlamu, akukokera tayala lake kutali.

Sipanala inagwira. Anapotoza, mluzu unakwera. Anapotozanso, tepi ili pakamwa.

Phuuu!

Jointi inafwamphuka ngati chipolopolo n'kukaboola chidebe cha madzi oyesera machubu. Paipi inakwapula khoma. Fumbi lonse la m'galajamo, la pansi pa benchi, la pa malata, linadzuka nthawi imodzi. Chipewa cha mlamu chinatuluka pakhomo chokha, mwini wake n'kuchitsatira chokwawa.

Phokoso litatha, a Matayala anapezeka atakhala pansi m'matope, sipanala ikadali m'manja, nsidze zokhazokha fumbi. Mayi a saluni anali pakhomo, kumbuyo kwawo kasitomala wa mutu wonyowa uja akusuzumira.

"Mwavulala?"

"Ayi."

"Tambasulani zala ndione."

Anatambasula. Zonse zinalipo.

"Chabwino. Dzuwa likadali komweko," anatero mayiwo, koma mawu anali atatsikako.

Muvi wa geji unali utagona. Panalibenso chosunga. A Matayala anatola jointi m'chidebe, naipukuta, nachotsa zotsalira za tepi yakale ndi burashi ya waya. Anakulunga tepi yoyera yatsopano motsata mazinga, kuti pomanga isasomphoke. Anamanga ndi dzanja kaye, kenako ndi sipanala, osakakamiza. Ntchito imene anaithawa chilimwe chonse inatha pa nthawi yongokwana kumwa tiyi.

Anayatsa mota. Gudugudu, gudugudu, muvi unkakwera. Anapaka shampu wotsala uja. Thovu silinatuluke. Kenako mota inazima yokha.

Zii.

A Matayala anaima chilili, akudikira kuti idzukenso. Sinadzuke. Ku saluni makina oumitsira anayaka, swichi osagwa.

Koma amayi a ku saluni anali atazolowera kukuwa kuti amvane pa phokoso la kompuresa, ndipo palibe anawauza kuti atsitse mawu. Nkhani zinayamba kudutsa khoma ngati palibe khoma.

"Amuna anga aja, asisi, ngakhale kuyetsemula amachita kuumira, kuopa kutaya mpweya!"

Chiseko chinaphulika.

"Koma wayayo mukanaduladi?" anafunsa kasitomala.

"Ndidule kuti azikhala kunyumba tsiku lonse, kumandiwerengera machesi? Mayo ine! Kungowaopseza basi. Munthu uja ukamuopseza amagwira ntchito ngati injiniya."

Mlamu analuma kolala ya malaya ake kuti asaseke mokweza, misozi ili mbwee.

"Walira mvula walira matope, alamu," ananong'ona. "Timasuleko pang'ono jointiyo, phokoso libwerere?"

A Matayala anayang'ana sipanala, nayang'ana khoma. Uko nkhani inali itafika pa mmene anafunsirana, ndi nsapato zobwereka zimene a Matayala anavala tsikulo.

Anaponya sipanala m'bokosi, nakoka mpando n'kuutsamiritsa kukhoma.

"Khalani chete, alamu. Sanamalize."