Mabotolo a m'Khwawa

"Amai, mwandiphela mkazi! Mwamupha ndi manja anu!" anakuwa Titus, njinga n'kuiponya pabwalo.

AVirginia sanaleke kusenda nshawa. "Ine? Mkazi wako uja wothamanga ngati wakuba nkhuku? Ndamukhudza liti?"

"Mabotolo a m'khwawa munawatani?"

Apo nshawa zinagwa m'manja.

Nkhani yake nayi. Febby, mkazi wa Titus, anali atanyamuka m'mamawa ndi anzake, Yvonne ndi Rachael, ati kuthamanga m'khwawa louma lija lochoka ku Msanzala kulowela cha ku Nyimba. Mmenemo muli matanthwe uku ndi uku, mchenga wootcha mapazi, mu Okutobala ngakhale mbuzi sizipitamo. Ndiye dzulo lake Titus anakwilila mabotolo a madzi mumchenga kuti azizile, pamwamba n'kuzika timitengo ta nsanza yofiila, atsikanawo akawaone.

Tsono aVirginia ndi akulu awo aSophia anapita komweko kukatola nkhuni. Anangoona botolo lokwililidwa, nsanza yofiila. Kutsogolo lina. Kutsogolo linanso. ASophia, amene amaona mfiti ngakhale mwa nkhuku yawo yomwe, anagwila pamtima: "Mng'ono wanga, atitchela! Awa ndi mankhwala!" Anafukula onse, madzi n'kuthila pansi uku akuimba nyimbo ya kuchalichi, mabotolo pamoto. Anabwelako ngati apambana nkhondo.

"Akulu ndiwo anati..." anayamba aVirginia.

"Usandiikemo ine!" aSophia anayankha ali kuseli kwa nkhokwe, kumene amamvetsela nkhani za eni. "Machesi anali a ndani?"

AVirginia anayang'ana dzuwa. Linali pamutu. Mpongozi wawo uja anali kumunena tsiku lililonse, kuti mkazi wapabanja sathamanga, kuti akabudula ake achititsa manyazi mudzi. Koma kumuumitsa kukhosi pakati pa miyala? Iyayi. Anadzaza chigubu, nkhata pamutu, n'kuuza Titus azungulile ndi njinga kumunsi. Iwo anadulila njila ya mbuzi.

Ndipo anathamanga. Ee, aVirginia omwewo! Chitenje m'mwamba, patapata imodzi inatsala paminga, madzi akukhavukila kumsana.

Atsikanawo anawapeza pansi pa thanthwe, pakamthunzi kochepa ngati lichelo. Pozungulila ponse maenje, atsikana atakumba ndi zala kufuna mabotolo. Febby anali gone, milomo itang'ambika, Yvonne akumukupiza ndi chipewa. Rachael anaona chigubu n'kuyamba kulila.

"Lilani bwino, misozi nayo ndi madzi," anatelo aVirginia, akupuma ngati ng'ombe yapangolo. Anakweza mutu wa Febby pamwendo pawo. "Pang'onopang'ono, apongozi. Si mowa uwu."

Febby anamwa, anatsegula maso. "Amai, kuli anthu oipa. Atibela madzi onse."

"Oipa zedi," anatelo aVirginia. "Ndine. Ine na aSophia. Maka aSophia."

Yvonne anaseka mpaka kutsamwa. Febby naye anaseka, milomo ikuwawa.

"Manje tiyeni kunyumba," anatelo aVirginia.

"Iyayi amai, patsala pang'ono. Tinapangana kuti titsilizila pamodzi."

AVirginia anamuyang'ana mwana wa eni uja, atayamba kale kumanga nsapato. Anathila madzi otsala m'tibotolo tawo, ena pamutu pake.

"Thamangani tsono. Koma mukagwa, musakagwele pamaso pa anthu a ku Nyimba, atiseka."

Anatulukila kumunsi dzuwa litapendeka, atatu onse, Titus akuimba belu la njinga ngati wopenga.

Manje Febby akanyamuka, aVirginia ndiwo amakhala pathanthwe paja ndi chigubu, akutukwana aliyense wochedwa. ASophia mpaka lelo akuti anali mankhwala ndithu, ndipo mng'ono wawo anawagulitsa kwa mpongozi. Salankhulana. Wina akafuna mchele kwa mnzake amatuma Febby.