Manda Opanda Mitengo

Luwiza anaphunzitsa kompyuta kuzindikira manda ali m'chaka chachitatu ku yunivesite, ndipo inagwira msanga kuposa mmene iye anagwirira katekisimu.

Kampani ina yolangiza eni maesiteti inapatsa aphunzitsi ake zithunzi za boma la Mchinji zojambulidwa kuchokera kumwamba. Inkafuna pulogalamu yoti ikayang'ana chithunzi izinena kuti apa ndi munda, apa dambo, apa mudzi, apa tsala loti likhoza kulimidwa. Fodya anali atayamba kugwetsa anthu mphwayi, maesiteti ankasaka malo a soya ndi mtedza. Kampaniyo inatsindika chinthu chimodzi: manda asakhudzidwe, chifukwa mlandu wa manda suwola.

Kwa Luwiza iyi inali ndagi yokoma. Kodi khwangwala ali m'mwamba, manda amawaona bwanji? Yankho lake mwana aliyense wa ku Mchinji akulidziwa. Mitengo inathera m'zigafa za fodya ndi m'matumba a makala, koma mumsitu wa kumanda palibe amene amalowetsamo nkhwangwa. Ukaona dziko lofiira lometedwa mpala, pakati pake pali kadontho kobiriwira, dziwa kuti pamenepo pagona anthu. Anaionetsa kompyuta misitu yotere yambirimbiri, ya ku Kapondo, ya kwa Zulu, mpaka inasiya kuphonya. Aphunzitsi anamuyamikira pamaso pa anzake. Kampani inatenga mapu aja n'kuwagawa m'maesiteti.

Patapita miyezi, bambo ake anamuimbira foni ali pa mzere wa chakudya cham'mawa. Bambo akewo, a Fanuel, anali tenanti pa esiteti ina kufupi ndi Kachebere. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo chaka chilichonse ankanena kuti akagulitsa fodya abwerera.

"Thirakitala yalowa kumunsi kwa dambo," anatero. "Akuti mawa ifika kwa amako."

Luwiza anatsegula laputopu ali m'minibasi, chikwama cha munthu wina chitamupsinja mawondo. Anakulitsa mapu mpaka anapeza zigafa za pa esiteti, mzere wa nyumba za matenanti, kenako kangodya ka kumunsi kwa dambo. Pulogalamu inapaka kangodyako mtundu wachikasu, kutanthauza tsala. Sinakayike n'komwe.

Ikanakayika bwanji? Misitu ya kumanda ndi ya eni nthaka. Matenanti ndi obwera, ndipo kalekale mwini esiteti anawapatsa kamalo kouma komwe fodya ankakana, kuti aziikako awo amene mtembo sukanatha kupita kwawo. Palibe anadzalapo mtengo. Munthu amene akunyamuka chaka chamawa sadzala mtengo. Amayi a Luwiza, a Stelia, anaikidwa kumeneko iye ali Sitandade 8, chaka chimene mvula inadula milatho. Chiikireni maliro sanapiteko, poti kumanda sapitako wamba. Miyezi yonse imene ankasaka manda a anthu ena pa kompyuta, a amayi ake sanamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Anagona kwa bambo ake osawauza kanthu. Kutacha anapita nawo ku ofesi ya manijala.

Manijalayo, a Fletcher, sanali munthu woipa mtima. Anawapatsa mipando, n'kutembenuza kompyuta yawo kuti alendowo aone.

"Madala, ine sindilima mwachisawawa. Mapu awa ndi a ku yunivesite. Onani, manda onse ndi awa, obiriwirawa, ndipo sitinawakhudze. Apa palibe."

"Mapuwo ndinapanga ndine," anatero Luwiza.

A Fanuel anatembenuka kumuyang'ana. A Fletcher anaseka pang'ono, kenako anaona kuti akuseka okha.

"Ndiye achemwali mwabwera kudzadzisumira nokha?"

"Pulogalamuyo imadziwa manda okhala ndi mitengo basi. Ena sindinaiphunzitse. Imitsani thirakitala, ndikakonza."

"Mukakonza liti? Mvula sidikira digiri. Mabwana ku Lilongwe anawerengera kale malowa, mbewu ili m'nyumba umo. Ndikawauza kuti ndasiya ngodya yonse chifukwa mtsikana wina wasintha maganizo, mawa pampando pano pakhala wina." Anakanda chibwano. "Tipange chonchi. Ndilozereni pamene pali manda enieniwo, dalaivala azungulira. Zimenezo ndingathe."

"Nanga manda a anzathu aja?" anafunsa a Fanuel.

"Eni ake ali kuti?"

Eni ake anamwazikana kale. Ena anapita ku Kasungu, ena anawoloka kupita ku Chipata, ena anabwereradi kwawo. Pa matenanti akale anatsala ndi a Fanuel okha.

Atafika kumunsi kwa dambo, dzuwa linali litakwera. Udzu anali atautentha kuti thirakitala iyende bwino, ndipo malo onse anali phulusa lokhalokha. Mitanda inadyedwa ndi chiswe kalekale. Mitumbira inasalazidwa ndi mvula ndi ng'ombe za m'midzi yoyandikana. Dalaivala, mwamuna wina dzina lake Kwacha, anaimitsa thirakitala m'mphepete osazimitsa injini, n'kutulutsa chinangwa m'thumba.

A Fanuel analowa m'phulusamo molimba mtima. Anayenda, anaima, anabwerera.

"Panali chulu," anatero. "Tinamuika kumadzulo kwa chulu, mutu cha uku."

"Chulu chija tinaumbira njerwa za sitolo ya soya," anatero a Fletcher motsitsa mawu. "Chaka chatha."

"Ndikudziwa, bwana. Ndinaumba nawo."

Anayendanso, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi, ngati munthu wotaya singano. Apa panali kadzenje, apo kamtunda, koma dzikolo linali la tizenje ndi timitunda tokhatokha. Luwiza anayesa kukumbuka tsiku la maliro. Anakumbuka matope, nyimbo, ndi nsapato yake imene inatsalira m'thope. Chulu sanachikumbuke.

"Chinali apa," anatero a Fanuel. "Kapena apo. Mtengo wa mango uja unkaoneka kudzanja lamanja." Anayang'ana kutali. Kunalibe mango.

"Madala, mafuta akutha," anatero Kwacha, chinangwa chili m'kamwa.

A Fanuel anabwera kwa mwana wawo. Mapazi awo anali atayera ndi phulusa mpaka m'akakolo. Sanakalipe, ndipo Luwiza akanakonda akanakalipa.

"Funsa makina akowo, mwanawe. Anadziwa manda a anthu a ku Kapondo iwe uli m'tauni. Angalephere a amako uli pompano?"

"Bambo, sagwira ntchito choncho."

"Tangofunsa."

Luwiza anakhala pansi n'kutsegula laputopu. Dzuwa linkawala pagalasi moti ankangoona nkhope yake. Anatchinga ndi dzanja. Chikasu chokhachokha, kuyambira ku dambo mpaka ku msewu. M'kalasi anaphunzira kuti makina sangakuuze chimene sunawaonetse, ndipo funso limenelo analikhoza pa mayeso. Anadina mabatani angapo opanda ntchito. Anthu atatu aja ankamuyang'ana, injini ikugunda.

Anaimirira, nayenda molunjika ngati wotumidwa, n'kuima pamalo pena pomwe panalibe chosiyana ndi pena paliponse.

"Ndi apa."

A Fletcher anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anathyola nthambi zopserera, nazizika m'ngodya zinayi, n'kukodola Kwacha.

A Fanuel anagwada m'kati mwa nthambizo n'kuyamba kuzula ziputu za udzu ndi manja, pang'onopang'ono.

"Koma ine ndimaona ngati kunali kumunsi pang'ono," anatero osadzutsa mutu.

"Ayi bambo. Ndi pompano."

"Chabwino. Mutu cha uku?"

"Cha uko."

Thirakitala inazungulira kachilumba kaja n'kutsikira kumunsi. Luwiza anailondola ndi maso, mzere ndi mzere, akuyang'ana dothi limene linkagudubuzika kumbuyo kwake. Koma matenanti, ngakhale anali a paulendo, manda ankakumba mozama. Makasu a thirakitala sanatulutse kanthu, ndipo pofika masana ngodya yonse inali munda.