Chomwera cha Malemu

Mayi wamasiyeyo anatola anapiye ena akufa m'khola n'kuwaponya m'ndowa ngati akutola zinyalala. Chimwalirireni mwamuna wake, palibe chinkamukhudza. Chakudya sichinkakoma, dzuwa linkangotuluka n'kulowa, ndipo tsopano anapiye amene banja linkadalira ankafa m'mawa uliwonse.

Alamu ake, mlongo wa malemuyo, anaima pakhomo la khola atagwira m'chiuno.

"Alamu, ine ndinalota, ndipo maloto anga sanama. Chibwerereni mtsikana uyu, achimwene apita, nkhuku zikutha. Ali ndi dzanja loipa. Achoke mwamuna wake asanabwere kuchokera kuntchito."

Mtsikanayo anali mpongozi wa mayiyo. Ankasesa chapafupi ndipo anamva zonse, koma tsache silinaime.

"Wogulitsa chakudya cha nkhuku akuti ndi mphepo," anatero mayiyo. "Aneba akuti ndi madzi. Inu mukuti ndi dzanja. Aliyense wanena zake. Anapiye okha ndi amene sitinawafunse."

"Mwayamba kucheza ndi nkhuku tsopano?"

Mayiyo anatenga thabwa n'kugawa kholalo pakati, anapiye theka uku, theka uko. Chakudya chizichokera m'thumba limodzi, madzi pampopi umodzi. Mbali ina azidyetsa mpongozi, mbali inayo iye yekha.

"Akafa a mbali yake, achoka. Akafa a mbali yanga, inu mutseka pakamwa. Tigwirizane lero, asanafe."

"Ndavomera. Muona nokha."

Sikuti mayiyo ankamukonda kwambiri mpongoziyo. Analibe mphamvu zokonda kapena zodana ndi munthu. Ankangofuna phokoso lithe.

Patapita masiku, anapiye a mpongozi ankathamangitsana n'kumalimbirana chakudya. A mayiyo ankawodzera, kugwetsa mapiko, n'kufa.

"Ndi wochenjera ameneyu," anatero alamu aja. "Wakankhira imfa mbali yanu kuti tisamutulukire."

"Akafa kwake ndi iye, akafa kwanga ndi iyenso. Nanga anapiyewa akanatani kuti asakhale iye?"

Alamuwo anangokonza mpango wawo kumutu.

Mayiyo anavundikira ndowa n'kukhalapo, akuyang'ana mbali ziwirizo. Utuchi unali womwewo, chakudya chomwecho. Chosiyana chinali chimodzi. Kwa mpongozi anapiye ankamwera m'beseni lakale. Kwa iye ankamwera m'chigubu chodula pakati, chimene mwamuna wake anakonza matenda asanamugoneke. Pogawa khola, mayiyo anachikokera mbali yake chifukwa sankafuna kuti wina azichigwira.

Anaimirira n'kusinthanitsa ziwiyazo.

"Amayi, afa angawa," anatero mpongozi.

"Mwina. Mwinanso ndikuganiza zolakwika. Tiona."

Imfa inatsatira chigubu. A mbali ya mayiyo anasiya kufa, a mpongozi n'kuyamba kuwodzera.

Mpongoziyo anayankhula akuyang'ana pansi. "Chigubucho bambo anachitenga kuseri kwa nyumba. Munali mankhwala opopera m'munda. Anachitsuka ndithu, ndinawaona."

"Bwanji simunanene?" anafunsa mayiyo.

"Ndinkaona ngati chayera. Komanso akanandimvera ndani?"

"Ndiye mukuti achimwene anga ndi amene apha nkhukuzi?" anafunsa alamu aja.

"Ine sindikunena kanthu, alamu. Tinafunsa anapiye, ayankha."

Mayiyo ananyamula chigubucho n'kutaya madzi ake kutali. M'mphepete mwake munali mokhotakhota, momwe mpeni unkaterereka m'manja ofooka a mwamuna wake. Anayendetsa chala m'menemo, akudikira kuti misozi ibwere. Siinabwere.

Anatenga msomali n'kuchiboola pansi kuti wina asadzatungirenso madzi. Kenako anakumba dzenje kuseri kwa khola, anachiikamo n'kukwirira. Atabwerera anazula thabwa lija, anapiye otsalawo n'kusakanikirana.

"Pezani beseni lina," anauza mpongoziyo. "Kuyambira lero khola lonseli muzidyetsa ndinu. Ndipo musiye kuyenda monyang'ama ngati mlendo."

Alamu aja anapita m'nyumba kukalongedza chikwama, akung'ung'udza kuti maloto ena amachedwa kukwaniritsidwa. Mayiyo anapita pampopi, anatenga sopo n'kuyamba kusamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali, mpaka mpongoziyo anabwera n'kutseka madziwo.