Nkhata ya Mayi Páscoa

Mayi Páscoa anali munthu wobwereketsa chilichonse. Mtondo wawo unkazungulira mudzi wonse, sefa yawo sankadziwa n'komwe kumene yagona, ndipo njinga ya malemu amuna awo anaikwerapo aliyense wa m'munsi mwa phiri la Tumbine, ndi oledzera omwe. Koma nkhata yawo, ija ankasenzera dengu la nthochi popita kumsika wa ku Milange kapena kutsidya ku Limbuli, imeneyo ayi. Ukangoigwira nkhope inkasintha. “Pinda yako, manja uli nawo,” ankatero. Adzukulu awo khumi ndi anayi, amene anawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwathamangitsa ndi chipande mmodzimmodzi, anakula akudziwa kuti shuga wa agogo ukhoza kunyambita ndithu, koma nkhata usayerekeze.

Anamwalira m'chilimwe, atakhala pakhonde, lichero la nandolo lili pamiyendo. Patapita mwezi banja linasonkhana kudzagawa zovala zawo. Dzulo lake amayi a m'mudzi anachapa zonse, chifukwa chinthu cha malemu sichichoka pakhomo chosachapa, ndipo m'mawa onse anapita ku Misa. Pobwerera anthu ankaseka njira yonse, aliyense ndi nkhani yake ya mayi Páscoa. Anabela yekha ndiye ankaseka ndi pakamwa pokha, mumtima muli thithithi.

Nkhani inali bokosi lachitsulo la kuchipinda. Mayi Páscoa anasunga m'menemo kapulana, ndiye kuti chitenje, yoyamba imene anaberekera mwana aliyense, ndipo ankanena poyera kuti akadzapita, aliyense adzatenge yake. Tsono Anabela sanabadwe mwa iwo. Zimenezi sizinali zachinsinsi, mayi Páscoa eniake ankazifotokoza okha, akuseka mpaka misozi. Chaka chimene nkhondo inalowa ku Milange, anathawa kulowera ku Malawi, mwana wawo Cândido wa zaka zisanu ndi zinayi akuyenda pansi, mlongo wake Januária ali kumbuyo. M'munda wa tiyi anamva kulira. Anapeza khanda lili lokhalokha. Anaitana, anadikira, palibe anabwera. Nsalu ina analibe, ndiye analuma m'mphepete mwa kapulana imene anavala, yachikasu yokhala ndi nkhanga, n'kuing'amba pakati, theka n'kumangira khandalo pachifuwa.

“Ndinaoloka mtsinje wa Muloza ntchafu zili pamtunda,” ankatero. “Amalawi anayamba kudziwa miyendo yanga asanaone nkhope!”

Anabela anakula akuseka nawo. Panyumbapo palibe anamutchulapo wotola, ndipo mnyamata wina atayerekeza kutero kusukulu, Januária anamugulula dzino. Koma theka la nsalu ya nkhanga Anabela sanalionepo ndi maso. Anafunsapo kamodzi ali mtsikana, mayi ake n'kungoti, “Ukufuna ulitani? Kapale moto uko.” Ndiye tsiku limeneli, ngakhale anali mayi wa ana atatu, mwini wake wa benchi ya tomato kumsika, ankaopa ngati kamwana. Ankaopa kuti bokosi litsegulidwa pamaso pa mudzi wonse, aliyense aitanidwa, iye yekha ayi.

Wogawa anali mayi aang'ono Delfina, mng'ono wawo wa malemu, munthu wa pakamwa posatseka. Anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, bokosi lili pakati pa miyendo, n'kulitsegula ngati akutsegula Misa.

“Cândido! Bwera kuno, mwana woyamba.”

Cândido, amene masiku ano amanyamula anthu pa njinga yamoto ndipo mimba yake imafika kumalire iye asanafike, anagwada movutikira. Anamupatsa kansalu kobiriwira, kopyapyala ngati ukonde.

“Achimwene, chimimba chimenecho chinakwana m'menemo?” anakuwa Januária.

“Ndinali mwana wooneka bwino ine, wandiwononga ndi mlamu wakoyu ndi kuphika kwake.”

Anthu anaseka mpaka nkhuku zinabalalika. Ya Januária inatuluka yoyererako pakati, maluwa atatsala m'mbali mokha. Mayi Delfina anaitambasula kuti aliyense aone. “Uyu ankakodza ngati mvula ya Januwale. Taonani, maluwa onse anathawa.” Leonel, chitsirizira, wobadwira kumsasa wa othawa nkhondo, analandira chidutswa cha bulangete lotuwa la chithandizo, ndipo analikumbatira ngati ndi suti ya ukwati. Kenaka panatuluka nsalu za adzukulu, chifukwa nawonso mayi Páscoa anawabereka kumbuyo makolo awo ali kumunda kapena ku Quelimane kofuna ntchito. Ana atatu a Anabela analandira zawo. Iye anawomba nawo m'manja, maso ali m'bokosi.

Mayi Delfina anapisa dzanja, n'kutulutsa korona. Anapisanso, n'kutulutsa mpango wa kutchalitchi. Kachitatu zala zinangokanda chitsulo. Anasuzumira, anapendeketsa bokosi, anagogoda pansi pake. Munalibe kanthu.

Mayi Delfina anatseka bokosilo pang'onopang'ono.

“Anabela, mng'ono wanga,” anatero Januária mofulumira, “pali makapulana atsopano awa, ena sanavalidwe n'komwe. Sankha awiri, sankha atatu, amene ukufuna.”

Ankanena ndi mtima wabwino, koma zinamupweteka Anabela kuposa kutukwanidwa. Nsalu yatsopano ndi imene amapatsa mlendo wothandiza pamaliro.

“Aaa, mana, achemwali anga, musavutike. Nsanza ya zaka makumi anayi ingakhalepo? Inatha kalekale imeneyo. Ndikaone madzi a alendo.”

Anazungulira kuseri kwa nyumba msangamsanga kuti misozi isagwere pagulu. Sanakwiye nawo mayi ake, ayi ndithu. Munthu amene anakuyamwitsa pamodzi ndi mwana wake, bere ili wina bere ili wina, ungamukwiyire chifukwa cha nsanza? Koma zinkawawa basi.

Kuseriko kunali mulu wa zinthu zimene Cândido anasesa m'nyumba kuti azitenthe madzulo: mphasa yothetheka, dengu lobooka, patapata wa phazi limodzi. Pamwamba penipeni panali nkhata. Amuna inu! Chinthu chimene mayi ake anachiteteza moyo wawo wonse, iye anachiona ngati chinyalala. Anabela anayang'ana uku ndi uku asanaitole, ngati mwiniwake atulukira pakona ndi chipande. Inali yolemera, yolimba, yosokedwa ndi ulusi wakuda kuti isamasuke. Inkanunkhira mafuta a m'mutu mwa mayi ake ndi utomoni wa nthochi. Anapukuta maso, n'kubwerera nayo pansi pa mango.

“Ine ndatenga iyi. Makapulana apatseni ena.”

“Waitenga kuti?” anafunsa mayi Delfina.

“Pamulu wa achimwene, wokatentha.”

“Cândido! Iwe mutu wako umagwira? Ukanatentha nkhata ya achemwali anga? Akanakutsata mpaka pa njinga yakoyo!” Anatembenukira kwa Anabela. “Yachapidwa?”

“Ayi, mayi.”

“Ndiye sichoka pano. Imasule, ichapidwe ngati zinzake. Wina abweretse lezala.”

Anabela anazengereza. Kumasula nkhata ya mayi Páscoa! Ngakhale adzukulu anabwerera m'mbuyo pang'ono. Koma mwambo ndi mwambo, ndipo anadula ulusi.

Nsalu yapamwamba inali ya chaka chatha chomwechi, ya bungwe la amayi a kutchalitchi. Pansi pake panali ina, yosokedwanso payokha. Leonel anaizindikira: “Ya ukwati wanga iyo! Anandiuza kuti inabedwa pachingwe!” Pansi pa imeneyo panatuluka mkono wa malaya a sukulu, ndipo Cândido analumbira kuti anakwapulidwa chifukwa chotaya malaya amenewo. Zinaoneka kuti nkhata ikayamba kutha, mayi Páscoa sankaitaya. Ankangoikulunga ndi nsalu ina pamwamba n'kusoka. Anthu anayandikira, akuseka, akulozerana, aliyense akuyembekeza kuona chake chimene chinasowa. Nkhata inkachepa m'manja mwa Anabela mpaka inatsala kankhata kakang'ono, kophwatalala, kolowa m'chikhatho.

Anadula ulusi womaliza. Kansaluko kanakana kutambasuka, kanali katazolowera kupindika. Anakawongola pang'onopang'ono pabondo pake. Kanali kachikasu kozilala, mbali imodzi yopindiridwa bwino, mbali inayo yong'ambika mokhotakhota. Nkhanga zinali zikuonekabe, zitatu ndi theka.

Cândido anagwada osadandaula za mawondo, n'kukhudza mbali yong'ambikayo ndi chala chimodzi.

“Ndi yomweyo,” anatero. “Ndinalipo ine. Apa ndi pamene analuma. Anandipatsa iwe kuti ndikugwire pamene ankang'amba, ndipo unandikodzera.”

Wina anaseka, wina anafwenthera. Anabela anasisita nkhangazo ndi chala. Ankawerenga mumtima maulendo onse aja: kumsika, kuchigayo, kuchitsime, kubwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, katundu yense wa banja ali pamutu. Masiku onsewo nsalu yake inali pomwepo, pakati pa mutu wa mayi ake ndi katundu.

“Taonani kukondera kwake!” anatero Januária, misozi ili mbwembwembwe, manja ali m'chiuno. “Ife anatitsekera m'bokosi ndi mphemvu, uyu ankapita naye kumsika tsiku ndi tsiku!”

Apo ndiye Anabela analira momasuka, akuseka nthawi yomweyo, nkhope ataikwirira m'kansaluko. Mayi Delfina anayambitsa nthungululu, amayi ena n'kulandira, mpaka anthu odutsa pamsewu anaimitsa njinga kufunsa ngati pali ukwati.

Atabweretsa beseni ndi sopo, Januária anapinda manja a bulauzi n'kutambasula dzanja. “Bweretsa ndikuchapire, iwe ungaing'ambe.”

Anabela anaikokera pachifuwa. “Kachapeni yanu, mana. Manja muli nawo.”

Mawuwo anatuluka ndendende ngati a mayi Páscoa, moti adzukulu awiri anatembenuka kuyang'ana pakhonde. Anabela anagwada pabeseni, n'kuyamba kuichapa yekha, pang'onopang'ono, osaifinya.