Nsanda ya ku Maka

"Imani, bambo a Adjara. Ndati imani," anatero Nabintou, mkazi wanga. Dzanja limodzi anali atandigwira nalo paphewa, linalo litafumbata phukusi loyera pamiyendo pake.

Ndinakhotetsa takisi n'kuima pansi pa mitengo ya mango, pamalo amene madalaivala a msewu waukulu wochokera ku Abidjan timati pa Ziziritsa. Aliyense woima pamenepo ndi wolakwa. Makamera a chigawo chimenecho ndi awiri: ina imakulemba polowa, inzake imakudikira kutsogolo. Ukafika msanga ndiye kuti unathamanga, ngakhale udutse pansi pake ukukwawa ngati nkhono. Tsono wothamanga amaima pa mangopo, n'kumadya nthochi zokazinga, kudikira kuti nthawi imene waba ibwerere kwa mwini wake.

Ine ndinali nditaba yambiri. Mayi anga anamwalira m'bandakucha ku Toumodi, ndipo kwathu maliro sagona, amaikidwa ikangotha swala, pemphero lathu la masana. Phukusi lija linali nsanda yawo. Anaigula ku Maka, anainyika m'madzi opatulika a pachitsime cha Zamzam, n'kudzaisungitsa kwa ine, osati kwa achimwene anga a Vazoumana amene ankakhala nawo mpanda umodzi.

"Kuno kuli makoswe ndi alendo," anandiuza nthawi imeneyo. "Tsiku langa likadzafika, iwe uli ndi galimoto."

Galimoto ndinali nayodi, koma pa laisensi yanga panali patatsala mapointi oti kulakwa kumodzi kokha kukanawamaliza. Laisensi ikapita, takisi imabwerera kwa mwini wake, ana anayi n'kumayang'ana kudenga. Amene ankakumbukira zimenezi m'mawa umenewo ndi Nabintou. Ine m'mutu munali mayi okhaokha, phazi n'kumangolemera.

Foni inalira. Anali achimwene.

"Uli pati, Lacina?"

"Pa Ziziritsa, achimwene."

"Ukudya nthochi. Mayi ako ali gone pamphasa, azimayi akumaliza kuwasambitsa, iwe ukudya nthochi."

"Ndikadutsa panopa andilanda laisensi."

"Akulande. Kanakubala kakhadi kameneko? Kunja kwatentha, ashehe ati sitidikira munthu. Ukachedwa tikagula nsalu kusitolo kwa Mlebanoni."

Ndinatambasula dzanja kuti ndilize galimoto, koma kiyi panalibe. Nabintou anali ataizula n'kuimanga pansonga ya chitenje chake.

"Bweretsa kuno."

"Mundimenye kaye, anthu onsewa akuona. Mayi apita, bambo a Adjara. Ana anu sanapite."

Ndinena mosabisa, ndinadana naye mkaziyo nthawi imeneyo, makamaka chifukwa ankanena zoona.

A Tanti Affoué, amene amakazinga nthochi pamalopo chiikireni makamera, anafika pawindo ndi mbale yawo.

"Nkhope imeneyo ndi ya kukhoti kapena ya kwa apongozi? Gulani, a liwiro, nthawi ikamapita pakamwa pazikhala pakuyenda."

Kenako anaona phukusi lija, kaseko kanazilala. Anangofunsa kumene tikupita. Anatembenukira kwa madalaivala amene ankasewera bawo pamthunzi.

"Ndani wamaliza kuzizira? Pali nsanda pano, ikufunika ku Toumodi."

Anaimirira bambo wina wa lole ya nkhuku, akupukuta manja pa buluku. Anati kutsogolo kuli malo a munthu mmodzi. Ndinatsegula chitseko, koma Nabintou anali atatsika kale.

"Takisi ya eni musiyira ndani? Ine sindiyendetsa. Komanso oveka mayi nsanda ndife azimayi, inu mukangoima panja."

Iyeyu ndi mayi anga sankamwerana madzi. Zaka zonse mayi ankamutcha "mtsikana wa ku Abidjan uja", ngakhale atawaberekera zidzukulu zinayi. Koma ndi iye amene anakwera lole ija, phukusi atalikumbatira pachifuwa. Asanakwere anamasula kiyi n'kuwapatsa a Tanti.

"Musawapatse nthawi isanakwane, mayi. Ngakhale alire."

"Alira ambiri pano, mwanawe. Pita."

Ndinatsala. Kuchokera pomwe ndinakhala, mlongoti wa kamera unkaoneka, wotuwa, wopanda munthu woti n'kumudandaulira. Wapolisi ukhoza kumuuza kuti mayi anga amwalira, naye ali ndi mayi, amavula chipewa n'kukuuza kuti pita. Chija chinalibe mayi. Mabasi ankadutsa, dzuwa linkakwera, ntchentche zinkatera pa nthochi zimene a Tanti anandiikira pa bondo. Ndinaimirira, ndinazungulira takisi, ndinakhalanso. Ndinapita kwa a Tanti kukawapempha ndi ulemu, kenako mwaukali. Sanadzutse mutu pa chiwaya chawo.

"Khalani pansi, bambo. Mkazi wanu ali ndi maso oopsa, sindikufuna milandu."

Atandiponyera kiyi, mthunzi wa mango unali utalowa pansi pa mtengo. Ndinadutsa kamera ija mwaulemu ngati mkamwini, mtima ukunditukwana.

Sindinayende mtunda wautali pamene ndinaona lole ija ili pambali pa msewu. Apolisi anali atatsitsitsa zitatanga zonse za nkhuku, akufuna mapepala a dokotala wa ziweto. Nabintou anaima padzuwa, phukusi lili pamutu, nthenga zitamumatira thukuta, akukweza dzanja kwa galimoto iliyonse. Palibe imene inaima. Onse ankathamangira kubweza nthawi imene anataya.

Ndinaima, Nabintou n'kulowa ndi phukusi lija.

Polowa mu Toumodi tinakumana ndi azibambo akuchokera kumanda, makasu ali paphewa, jeneza yonyamulira maliro ili yopanda kanthu. Achimwene anali patsogolo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana phukusi.

"Tawaika bwino," anatero. "Nsalu yake inali yoyera ndithu."

Ndinawapatsa nsanda ija ndi manja awiri, osadziwa kuti aichite chiyani. Anabisa manja kumbuyo.

"Anasungitsa kwa iwe. Sunga."

Ndinalira pomwepo, pakati pa msewu, ngati mwana wosochera pamsika. Nabintou analanda phukusi lija m'manja mwanga kuti lisagwe pafumbi, n'kuchotsapo nthenga imodzi.

Titamaliza sadaka tinabwerera ku Abidjan. Nsanda ija palibe amene anaifuna m'nyumba mwake, ndipo kuitaya sikukanatheka. Nabintou anaiika pampando wakumbuyo, n'kuimanga lamba kuti isagwe.

Ndinayendetsa pang'onopang'ono njira yonse. Malole a simenti ankandiimbira mabelu, mabasi ankandipitirira, anthu akusuzumira kuti aone nkhalamba yake. Pa Ziziritsa, kutsidya kwa msewu, a Tanti Affoué anakweza chipande chawo, koma ndinalibe chifukwa choimira. Nabintou ankayang'ana kutsogolo. Ine maso ankangobwerera pa kalilole, pomwe phukusi loyera lija linakhala phee m'lamba wake, ngati pasinjala amene sananenebe pomwe atsikire.