Sompho ya Malemu Dismas

"Munaona kuti thadzi likulira kokoliriko?" anafunsa Alufeyo, akuimika njinga pansi pa mtengo wa mango pomwe gulu la osema ziboliboli la ku Mua limagwirira ntchito.

Theresa sanadzutse mutu. Anapanira chipika cha mlombwa ndi mapazi, napitiriza kusema. Njinga imene Alufeyo anakwerayo inali ya mwamuna wake, malemu Dismas. Mlamu wakeyu anaitenga maliro asanazizire n'komwe, pamodzi ndi wailesi ndi mbuzi. Tsopano anabwera ndi thumba lopanda kanthu, kudzatenga sompho ndi matchizulo kuti akagulitse ku Golomoti.

Theresa akanaperekanso mosavuta kukanakhala kale kuja, pamene ankangodzitsekera m'nyumba, kulira mpaka maso kutupa. Anali bambo Silvesta, mkulu wa gululo, amene anamukoka kuti azidzapukutako ziboliboli. Kumeneko anayambanso kuseka. Tsiku lina anatola sompho ya mwamuna wake, ndipo amuna a m'gululo atatha kumunena kuti wasema ng'ona yooneka ngati chinangwa, anamuphunzitsa kagwiridwe kake.

"Alamu, musandichititse manyazi," anatero Alufeyo. "Zida za m'bale wanga ndi za kwathu. Mkazi n'kusema, zinayamba liti?"

"Zinayamba tsiku limene munakwera njinga ija n'kundisiyira ana," anayankha Theresa. Ukali unaposa mantha. "Zina zonse ndinakhala chete. Izi zokha ayi."

Bambo Silvesta anatsokomola. "Musakangane. Kuno zida sizigona m'manja mwa munthu mmodzi, timasungira pamodzi. Anzanga, bwezani."

Mmodzimmodzi osema aja anaponya zida zawo m'dengu lalikulu la gulu, monga ankachitira poweruka. Theresa anazengereza, kenako anaikamo yakenso. Bambo Silvesta analikhutulira dengulo pansi, khutuu!

"Sankhani za m'bale wanu, bambo. Koma mukatola ya mwini, mwaba, ndipo mboni ndi tonsefe."

Alufeyo anawerama. Masompho onse anali akuda ndi thukuta, mipini yonse yosalala mofanana. Zaka zonse zimene Dismas anasema pansi pa mtengowo, mkulu wakeyu sanabwereko ngakhale kudzapereka moni. Anagwira iyi, nasiya, nagwira ina.

"Imeneyo ndi yanga, achimwene," anatero Yusufu, wosema wina. "Kapena mukufuna mutenge ndi mkazi wanga yemwe?"

Anthu anafa nacho chiseko. Alufeyo anaimirira, thukuta lili kamukamu.

Theresa anatambasula dzanja osafufuza n'komwe, natola sompho yokhala ndi kadzenje pampini, pomwe chala chachikulu cha Dismas chinadya mtengo. Chala cha Theresa chinakhala momwemo.

"Mukafika kumudzi mukanene kuti thadzi lalira," anatero, nakhalanso pachipika chake.

Alufeyo anapinda thumba lake lija, nakankha njinga kulowera kumsewu. Kumbuyo kwake masompho anayambiranso kugogoda, ndipo ya Dismas inkamveka pakati pawo.